Njinga ya m'mapiri sagula ndi maso

Ana anga, ndakuonani. Ndakuonani mutaima pakhomo pa sitolo, maso ali dwii pa njinga yonyezimira ya matayala onenepa, masipuling'i kutsogolo ndi kumbuyo. Ndakuonani mukupatsirana foni, mukuonera anyamata akunja akuuluka ndi njinga pamwamba pa miyala. Mtima wadyokoka. Ndalama mwasunga, kapena zatsala pang'ono kukwana. Sindikukuletsani. Kupalasa m'mapiri n'kokoma, ndipo ine kwandipatsa thanzi ndi abwenzi amene sindikanawapeza kwina. Koma ndalama zanuzo munakhetsera thukuta, ndipo thupi lanulo ndi limodzi lokha. Khalani kaye pansi. Tamverani.

Masewerawa sanayambe ndi njinga zodula. M'zaka za m'ma 1970, ku Marin County ku California, anyamata ena, pakati pawo Joe Breeze, Gary Fisher ndi Charlie Kelly, ankatola njinga zakalekale za Schwinn n'kumatsetsereka nazo m'misewu yafumbi ya m'mapiri. Mu 1976 anayambitsa mpikisano wotsika phiri pafupi ndi tawuni ya Fairfax. Buleki ya njingazo inali ya m'habu yakumbuyo, ndipo inkatentha mpaka girisi kupsa, moti akafika m'munsi ankamasula habu n'kuikamo wina. Breeze ataona kuti njinga zikuwathyokera anawotcherera felemu yakeyake mu 1977. Kampani ya Specialized inatulutsa Stumpjumper mu 1981, ndipo mu 1996 masewerawa analowa mu Olimpiki ku Atlanta. Taonani mmene anayendera. Anayamba ndi kupalasa, anaona chimene chikuthyoka, kenako n'kufuna cholimba. Inunso muyambe choncho. Musagule njinga ya katswiri musanadziwe ngati miyendo yanu idzagwirizana ndi chitunda.

Njinga yotchipa ya masipuling'i awiri ithaweni. Ndikubwerezanso, ithaweni. Yeniyeni ya mtundu umenewu ilipo, koma mtengo wake ndi wa njinga zingapo, ndipo imafuna makaniko wodziwa kuisamalira. Iyo imakhala ndi mafuta oletsa kudumphadumpha. Yotchipayo ili ndi sipuling'i yokha, yopakidwa penti yofiira kuti ikukopeni.

Njinga yanga yoyamba inali yotero. Ndinaigula ndi ndalama zimene ndinasunga nthawi yaitali, ndikudzimana nkhomaliro. Tsiku limene ndinakwera nayo msewu wochoka m'tawuni ya Zomba kupita ku Ku Chawe ndi limene ndinaidziwa. Ndikaponda pedulo, chishalo chimatitimira. Ndikapondanso, chimatitimiranso. Mphamvu zanga zinkathera mu sipuling'i, tayala osalandirako. Mvula itagwa, mabawuti a pakati anayamba kugwedera, tayala lakumbuyo n'kumayenda mopendekeka. Foloko inachita dzimbiri n'kuuma. Pomaliza chitsulo cha pakati pa habu yakumbuyo chinaduka. Bambo wina wokonza njinga pansi pa mtengo anaitembenuza, naigwedeza uku ndi uku, n'kupukusa mutu. Anati, "Achimwene, apa mungotaya ndalama." Ndinaigulitsa pamtengo wongotaya, ndipo ndinakhala nyengo yaitali ndilibe njinga, anzanga akupita kuphiri ine ndikuwatsanzika ndi maso. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Gulani imene ogulitsa amati hardtail, ya foloko yofewa kutsogolo kokha, kumbuyo kuli gwa. Foloko yotitimira mamilimita 100 kapena 120 ndi yokwanira kwa woyamba. Yabwino ya aluminiyamu imalemera makilogalamu 13 mpaka 15, pamene zotchipa zija zimafika 18 ngakhale kupitirira. Musanafunse mtengo, inyamuleni. M'phiri mudzaisenza pamtsinje, mudzaisenza pamiyala, mudzaisenza pomwe mtengo wagwa n'kutseka njira. Ndipo ngati thumba lili lochepa, njinga yakale yachitsulo ya kampani yodziwika, yopanda sipuling'i ngakhale imodzi, imaposa yatsopano yachinyengo. Chitsulo chikasweka owotcherera apamsika amatha kuchilumikiza. Aluminiyamu imafuna zida zina ndi luso lina. Za carbon zisiyeni kaye. N'zopepuka, inde, koma ming'alu yake imabisala, ndipo wokuthandizani simudzamupeza pafupi.

Njinga ikhale ya msinkhu wanu. Apa wogulitsa adzakunyengererani. Adzati, "Mudzazolowera, tingokweza chishalo." Musalole. Felemu yaikulu siichepa ndipo yaing'ono siikula. Makampani amalemba S, M, L ndi XL, ndipo munthu wotalika mamita 1.65 mpaka 1.75 nthawi zambiri amagwera pa M, koma miyeso imasiyana kampani ndi kampani. Choncho musadalire chilembo chokha. Imirirani mutaika njinga pakati pa miyendo, mapazi onse ali pansi. Pakati pa inu ndi chitsulo chapamwamba papite zala zitatu kapena zinayi. Tsiku lina mudzatsika mwadzidzidzi pamalo otsetsereka, ndipo mpata umenewo mudzauthokoza. Kenako khalani pachishalo, gwirani mahandulo. Zigongono zipindike pang'ono. Mukaona kuti mukuchita kutambasuka kuti mufikire, ndi yaikulu. Mawondo akamayandikira mahandulo, ndi yaing'ono. Wogulitsa akakana kuti muiyese pabwalo, bwezani ndalama m'thumba.

Chishalo muchikweze bwino. Ikani chidendene pa pedulo ili pansi penipeni, mwendo uwongoke. Pamenepo ndiye poyenera, chifukwa mukamapalasa ndi kutsogolo kwa phazi bondo lidzapindika pang'ono. Ambirife tinaphunzira kupalasa chishalo chili pansi kuti mapazi azifika padothi. Ine ndinakwera zitunda choncho zaka zambiri, ndipo lero bondo langa lakumanja limandidzutsa m'bandakucha nyengo yozizira. Bondo silidandaula muli achinyamata. Limasunga mlandu.

Tsopano tifike pa nkhani imene ambiri saiganizira, koma ndiyo imagoneka njinga zambiri kuseri kwa nyumba. Musanagule, dzifunseni kuti: ikawonongeka ndidzaikonzetsa kuti? Makanema mukuonerawo amajambulidwa kumene sitolo ya zida ili pafupi. Inu mumakhala ku Dedza, ku Rumphi, ku Chipata, ku Mulanje. Njinga imene zida zake sizipezeka kwanu ndi yanu mpaka tsiku loyamba kuwonongeka basi.

Yambani ndi matayala. Alipo a mainchesi 26, 27.5 ndi 29. A 29 amadutsa bwino pamiyala ndi m'mabampu, ndipo njinga zambiri zatsopano zili ndi amenewa. A 26 ndi akale, koma ndiwo mumawapeza msanga m'misika yathu, tayala ndi chubu chomwe. Miyeso imeneyi siilowana. Limu ya 26 ndi mamilimita 559, ya 27.5 ndi 584, ya 29 ndi 622. Ndipo tayala la 28 la njinga za kabaza, la mamilimita 635, silikwana pa 29, ngakhale manambala akuoneka oyandikana. Pitani kumsika wakwanu musanagule njinga, mukafunse matayala amene alipo. Yang'ananinso vavu. Njinga zambiri zabwino zimabwera ndi vavu yopyapyala ya Presta, imene mpope wamba suigwira. Gulani kachitsulo kolumikizira kapena mpope wogwira mitundu yonse. Safunsa anadya phula.

Magiya asakupusitseni ndi kuchuluka. Wogulitsa adzanyadira kuti ili ndi magiya 21. Ambiri mwa iwo ndi obwerezabwereza. Chofunika ndi giya yopepuka yokwerera chitunda, ndi kuti isinthe bwino popanda tcheni kudumpha. Njinga zamakono zili ndi giya imodzi kutsogolo ndi 11 kapena 12 kumbuyo. N'zabwino zedi, koma tcheni chake n'chodula ndipo chimasowa. Woyamba akhutire ndi 8 kapena 9 kumbuyo. Werengani dzina lolembedwa pa chosinthira magiya. Za Shimano zimakwera makwerero, kuyambira Tourney, Altus, Acera, Alivio mpaka Deore ndi kupitirira. Mukapeza Alivio kapena Deore mwapeza chinthu. Chopanda dzina lililonse chikayikireni. Palinso kachitsulo kakang'ono kolumikiza chosinthira magiya ku felemu, kamene amati hanger. Anakapanga dala kuti kazipindika kapena kuthyoka njinga ikagwa, felemu ipulumuke. Nthawi zambiri kamasiyana felemu ndi felemu. Funsani kapadera tsiku lomwelo mukugula, chifukwa kakathyoka kumudzi njinga yonse yaima.

Pa mabuleki ndikufuna ndikhalitsepo. Chitunda chimangokutopetsani, koma mtsetse umapha. A labala ogwira pa limu amagwira bwino kukakhala kouma, koma m'matope amaterera ndipo amadya limu. A disiki amagwira mvula ndi dzuwa lomwe. A disiki okoka ndi kebulo makaniko aliyense amawatha. A mafuta ndi amphamvu ndiponso ofewa m'manja, koma ali ndi malamulo awo. A Shimano amafuna mafuta amene amati mineral oil, pamene ambiri akale a SRAM amafuna DOT, ndipo mukasinthanitsa, timalabala ta m'kati timafufuma, buleki n'kufa. Musalole munthu kuthiramo mafuta a mabuleki a galimoto asanawerenge zolembedwa pa chogwirira. Oyilo wa tcheni asadonthere pa disiki. Mukatsika phiri lalitali musaigwire ndi chala, imawotcha.

Ndipo musanapalase njinga iliyonse yachilendo, dziwani dzanja limene likugwira tayala lakutsogolo. Njinga zopangidwira maiko oyenda kumanzere kwa msewu, monga Britain, zimakhala ndi buleki yakutsogolo kudzanja lamanja. Za ku America ndi maiko ambiri a ku Ulaya ili kumanzere. Pa kaunjika zonsezi zimasakanikirana.

Njinga yanga yachiwiri inali yabwino, yochokera ku America. Manja anga anazolowera kuti kumanzere ndi kumbuyo. Ndikutsika kanjira ka miyala, galu anatulukira m'tchire. Ndinafinya kumanzere ndi mphamvu zonse. Tayala lakutsogolo linaima nji, njinga inandiponya pamwamba pa mahandulo. Ndinamva fupa la paphewa likuti thyo ndisanamve ululu. Ndinagona pamenepo, fumbi lili m'kamwa, dzanja likukana kudzuka, mpaka amayi ena ochokera kotola nkhuni anandipeza. Kuchira kunatenga nthawi. Ntchito inaima. Ndalama zinapita ku mankhwala ndi mayendedwe a kuchipatala. Kuvala malaya ndinkachita kuvekedwa, ndipo mayi anga, amene ndinayenera kumawathandiza ine, ndiwo ankanditungira madzi osamba. Mpaka lero phewalo lili ndi chotupa pomwe fupa linalumikizana. Makebulo awiri a mabuleki makaniko akanawasinthanitsa m'kanthawi kochepa.

Musatengepo phunziro lolakwika. Buleki yakutsogolo si mdani. Ndiyo ili ndi mphamvu zambiri zoimitsa njinga, ndipo woopa kuigwira amangokwekwereza tayala lakumbuyo mpaka kugwera kumbali. Phunzirani kufinya onse awiri mofatsa, ndi chala chimodzi kapena ziwiri, thupi mutalitsitsa n'kulibweza m'mbuyo. Chepetsani liwiro musanalowe pokhota. Yesererani pabwalo la mpira mpaka manja adziwe okha.

Tsiku limene ndinagwa lija ndinali nditavala helemeti, chifukwa mkulu wina amene tinkapalasa naye ankakana kuyenda nane ndili mutu mbee. Nditaivula kuchipatala ndinaona kuti yang'ambika kuyambira pachipumi mpaka pamwamba pa khutu, timiyala titalowa m'kati. Mawu a akulu akoma akagonera. Choncho ndikukuuzani: helemeti muigule tsiku lomwelo mukugula njinga. Osati mawa. Osati kumapeto kwa mwezi. Tsiku lomwelo. Ngati ndalama sizikwana zonse ziwiri, tsikani pa njinga, musatsike pa helemeti. Yang'anani m'kati mwake, mupeze chizindikiro cha EN 1078 kapena CPSC. Ikhale mowongoka, zala ziwiri pamwamba pa nsidze, lamba womangidwa bwino pansi pa chibwano. Yopendekekera kunkhongo siiteteza chipumi. Ya pa kaunjika musagule. Helemeti imagwira ntchito kamodzi, chifukwa chinkhupule cholimba cha m'katimo chimaphwanyika kuti mutu usaphwanyike, ndipo chikaphwanyika sichibwerera, ngakhale kunja kukuoneka kosalala. Simudziwa kuti mwini wake woyamba anagwa nayo kangati. Chipewa cha amisiri omanga nyumba si helemeti ya njinga. Anzanu adzakusekani kuti mukudzionetsa. Asiyeni aseke. Sadzakhala ndi inu m'chipatala usiku.

Njinga yogwiritsidwapo kale sindiinyoza. Kwa ambiri a inu ndiyo njira yanzeru. Koma pitani ndi munthu wodziwa, ndipo pitani masana. Pukutani fumbi pomwe zitsulo zinawotchereredwa, makamaka kukhosi kwa felemu ndi pansi pa chitsulo chachikulu, muone ngati pali kamzere kong'ambika. Felemu yong'ambika isiyeni ngakhale atatsitsa mtengo bwanji. Gwirani buleki yakutsogolo, mukankhe njinga uku ndi uku, mumve ngati khosi likugogoda. Zunguzani matayala muone ngati limu ikupepesuka. Mano a magiya akasongoka, dziwani kuti tcheni ndi magiya zonse zatha, ndipo muchotsere pamtengo. Masulani chitsulo cha chishalo muone ngati chikukwera ndi kutsika, poti china chinamatirira ndi dzimbiri. Kenako tembenuzani njinga. Pansi pa felemu, pakati pa mapedulo, pali nambala. Ikakhala yopalidwa, chokanipo. Mtengo ukakhala wotsika modabwitsa ndipo wogulitsa akufulumira, chokanipo. Kulandira katundu wakuba ndi mlandu, ndipo mudzataya njinga, ndalama ndi mbiri. Lemberanani kalata yogulitsirana pamaso pa mboni, ndipo nambala ija muijambule pafoni.

Zovala zonyezimira za akatswiri zidikire. Gulani magolovesi, chifukwa munthu akamagwa amatsogoza zikhato. Valani nsapato zotseka za pansi polimba, osati masilipasi. Mapedulo omangirira nsapato ndi a m'tsogolo, yambani ndi afulati. Kabudula wa kansalu kofewa m'kati amathandiza pa ulendo wautali. Magalasi wamba amatchinga fumbi, tizilombo ndi nthambi. M'kachikwama mukhale chubu chapadera, zigamba ndi guluu, mpope, zotokosera tayala, ndi masipanala a Allen a mamilimita 4, 5 ndi 6. Minga ya kwathu kuno siichita chisoni. Phunzirani kumata chubu muli pakhonde panu, musadzaphunzirire m'nkhalango dzuwa likulowa. Matayala musapope mpaka kuuma gwa monga amachitira onyamula matumba. M'njira za miyala tayala lolimba kwambiri limadumpha n'kuterera. Kwa ambiri mpweya wa 25 mpaka 35 psi umakwanira, wolemera thupi awonjezereko.

Pa kwacha khumi zilizonse zimene mwasunga, ziwiri zikhale za helemeti, zida ndi kukonzetsa koyamba. Tcheni muzichipukuta ndi kuchithira oyilo woyera, osati wakuda wochotsedwa mu injini, amene amakoka mchenga n'kudya magiya. Mukabwera kumatope tsukani tsiku lomwelo.

Ana anga aakazi, zonsezi ndikunena ndi inunso. Musalole kupatsidwa njinga yaikulu yotsalira kwa achimwene anu n'kuuzidwa kuti ndi yokwanira. Msinkhu ndi womwewo, helemeti ndi yomweyo, phiri ndi lomwelo. Chishalo chikamakupwetekani chisintheni, musachite manyazi kunena.

Mapiri tili nawo. Zomba ilipo, Michiru, Dedza, nkhalango za Viphya cha ku Luwawa, ndi zitunda za udzu za ku Nyika. Koma musayambire kumeneko. Yambani ndi njira za kumunda, misewu yafumbi, timitunda ta pafupi ndi kwanu. Kuthamanga sikufika. Mukafika pamalo pokuopsani, tsikani mukankhe. Palibe wamanyazi pamenepo, ndipo mnzanu wokukakamizani kuti mulumphe si iye adzanyamule ululu. Musapite nokha kutali. Uzani a kunyumba kumene mukupita ndi nthawi yobwerera. Mwezi wa Okutobala nyamukani m'mamawa ndi madzi ochuluka, ndipo muzimwa ludzu lisanakugwireni. Nyengo ya chiperoni nkhungu imatseka phiri mwadzidzidzi, choncho tengani chovala chofunda ngakhale m'munsi kuli dzuwa. Mphezi zikayamba, tsikani pamwamba.

Njira za m'phirizo si bwalo lanu lamasewera. Ndi njira za anthu. Mumadutsa amayi atasenza mitolo ya nkhuni, amene sangathe kucheuka msanga. Mumatsika abambo akukankha njinga zodzaza matabwa ndi makala, mabuleki awo ali nsapato yokwekwereza pansi. Mumadutsa ana a sukulu, mbuzi, agogo ndi ndodo yawo. Inu mukusewera, iwo ali pantchito. Njinga yotsika ndi liwiro ikagunda mwana, palibe chipepeso chimene chidzakwane. Ikani belu pa handulo, mulize muli patali. Pokhota pomwe simukuona kutsogolo, yendani ngati pali munthu. M'minda ya eni musadutse. Mukakumana ndi mayi wosenza katundu pakanjira kopapatiza, imani, tulutsani njinga m'njira, perekani moni, adutse kaye.